Ma orca: mafunso ndi mayankho pa za moyo wawo, khalidwe lawo ndi mabanja awo

Munthu wa mu Harare akafuna kuona nyanja ya mchere, yapafupi ndi ya ku Beira, ulendo wa makilomita oposa 500 kudzera ku Mutare. N'chifukwa chake ambirife chinyama chotchedwa orca timangochionera pa foni ndi pa TV, chakuda bii pamsana, choyera mbee kumimba, pena chikugunda boti, pena chikutulukira pamchenga kudzawakha nyama. Mavidiyowa akazungulira m'magulu a WhatsApp a ku Mbare, Mufakose, Epworth ndi Mabvuku, mafunso amachuluka, ena ochokera kwa ana a sukulu, ena kwa agogo awo. Amene amabwerabwera ndi awa.

Kodi orca ndi nsomba?

Ayi, maonekedwe okhawo ndi amene amanyenga. Orca ndi nyama yoyamwitsa. Ali ndi mapapo, magazi ake ndi ofunda, amabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa. Mphuno yake ili pamwamba pa mutu, ndipo kuti apume ayenera kuvuuka pamwamba pa madzi. Akakodwa mu ukonde n'kulephera kuvuuka, amafa. Mukamaonera vidiyo, yang'anani mchira: wa nsomba umakupiza cham'mbali, pamene wa orca ndi wopingasa, umakwera ndi kutsika.

Anthu ambiri amamuwerengera pamodzi ndi anamgumi chifukwa cha kukula kwake, koma asayansi amamuika m'banja la ma dolphin, ndipo m'banja lonselo wamkulu ndi iyeyo. Dzina lake la sayansi ndi Orcinus orca.

Amakula bwanji, ndipo amakhala zaka zingati?

Wamwamuna wokhwima amatalika mamita 6 mpaka 8 ndipo amatha kupitirira matani 6. Wamkazi amacheperako, mamita 5 mpaka 7. Chomwe chimawasiyanitsa msanga ndi chipsepse cha pamsana: cha wamwamuna chimaima chilili mpaka mamita 1.8, cha wamkazi n'chachifupi ndi chopindikira kumbuyo. Mwana amabadwa ali kale ndi mamita oposa 2 ndi makilogalamu pafupifupi 180, mayi ake atakhala ndi bere miyezi 15 mpaka 18. Mano alipo pakati pa 40 ndi 56, osongoka, ogwirira ndi kung'ambira, osati otafunira.

Pa zaka, aakazi ndiwo amakhalitsa. Ambiri amafika zaka 50, ena 80 ndi kupitirira. Aamuna ambiri amathera m'zaka za m'ma 30, ochepa ndi amene amafika 50 kapena 60.

Kodi ku Kariba kapena m'nyanja ya Malawi alimo?

Mulibe. Madzi a ku Kariba, a ku Chivero ndi a nyanja ya Malawi alibe mchere, ndipo orca ndi wa m'nyanja ya mchere. Wina akakutumizirani chithunzi cha orca akudumpha pafupi ndi maboti a kapenta, dziwani kuti n'chopanga pa kompyuta.

Koma m'nyanja zamchere ali paliponse, kuchokera ku madzi oundana a ku Antarctica mpaka ku Arctic, ngakhale m'madzi ofunda apakati pa dziko. Amachuluka kumene madzi ndi ozizira ndipo chakudya n'chambiri, monga ku Norway, Iceland, Alaska, kumadzulo kwa Canada ndi ku Antarctica. Kuno kummwera kwa Africa amaoneka m'mphepete mwa South Africa, komanso pachilumba cha Marion, chomwe ndi cha dziko lomwelo ngakhale chili kutali pakati pa nyanja.

Amati amakhala m'mabanja. Banja lake limakhala lotani?

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya orca. Mukamvetsa banja lake, zina zonse, kadyedwe, kalankhulidwe, ngakhale mavuto ake, zimamveka zokha.

Ma orca amene afufuzidwa kwambiri ndi odya nsomba a kugombe la British Columbia ku Canada ndi la Washington ku America. Kumeneko banja limaima pa wamkazi wamkulu. Amayenda ndi ana ake aamuna, ana ake aakazi, ndi ana a ana ake aakaziwo, nthawi zina mibadwo inayi pamodzi. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene amachoka. Pa nyama zambiri zoyamwitsa, mwana akakula, wamwamuna kapena wamkazi amapita kwina. Njovu zamphongo za ku Hwange zikasinkhuka zimachoka pagulu la mayi awo. Orca wamwamuna wa zaka 35, wolemera matani 6, amasambirabe m'mbali mwa mayi ake, ndipo sasiyana nawo kupitirira maola ochepa.

Kwa ife amene makolo athu adachokera ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe kapena Chipata, izi si zachilendo kwenikweni. Ndi mbumba. Ana ndi a kuchikazi, mtundu umawerengedwa kudzera mwa mayi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ma orca kulibe chikamwini. Wamwamuna sapita kukakhala kwa mkazi, ndipo mkazi sapita kuchitengwa. Ana amene wamwamunayo amakhala nawo moyo wake wonse ndi a alongo ake, iye n'kukhala malume. Koma mwini mbumba weniweni, amene amatsogolera ulendo, ndi agogo aakazi.

Mabanja apachibale angapo amayendera limodzi n'kupanga gulu lalikulu, ndipo magulu a mawu ofanana amapanga fuko. A kummwera kwa dera limeneli, otchedwa Southern Residents, ali m'magulu atatu amene ofufuza adawapatsa zilembo J, K ndi L.

Si ma orca onse amene amatsata dongosolo limeneli ndendende. Odya nyama a m'dera lomwelo amayenda m'timagulu tochepa, nthawi zambiri awiri mpaka asanu ndi mmodzi, ndipo ana ena akakula amapatuka.

Nanga atate a anawo amakhala kuti?

Kwa amayi awo. Magulu osiyana akakumana, aamuna amakwera aakazi a banja lina, kenako aliyense amabwerera kwawo. Bambo salera mwana wake. Ofufuza atayeza DNA adapeza kuti ana ambiri amaberekedwa ndi aamuna ochepa, akuluakulu ndi okalamba. Gulu likachepa kwambiri, monga a Southern Residents amene atsala 70 ndi mphambu zochepa, apachibale amayamba kuberekana okhaokha, ndipo ana ake sakhalitsa.

N'zoona kuti wamkazi amasiya kubereka akakula, ngati munthu?

N'zoona, ndipo ndi zosowa kwambiri. Nyama zambiri zazikazi zimabereka mpaka kufa. Zodziwika bwino kuti zimasiya kubereka n'kukhalabe ndi moyo zaka zambiri ndi anthu, ma orca, ndi mitundu ina yochepa ya anamgumi a mano monga beluga ndi narwhal. Orca wamkazi amabereka mwana woyamba ali ndi zaka 14 kapena 15, kenako mmodzimmodzi pakapita zaka pafupifupi 5, n'kusiya cha m'ma 40. Atha kukhala zaka zina 30 kapena 40 osaberekanso.

Zaka zimenezo sangokhala. Ofufuza amene adatsata a Southern Residents kwa zaka zambiri adaona kuti aakazi okalambawa ndiwo amakhala kutsogolo gulu likamasaka nsomba za salmon, makamaka chaka chimene nsombazo zasowa. Iwo ndi amene amakumbukira kuti njala itavuta kale, nsomba zidapezeka pati ndi mwezi uti. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 adasonyeza kuti agogo akafa, zidzukulu zake zimafa mosavuta m'zaka zotsatira, ndipo zimanyanya chaka cha njala.

Pali chifukwa chinanso. Mayi wokalamba akabereka nthawi imodzi ndi mwana wake wamkazi, ana awiriwo amalimbirana chakudya cha banja limodzi, ndipo amene amafa kawirikawiri ndi wa wokalambayo. Kwa iye n'kwanzeru kusiya kubereka n'kulimbikira kulera zidzukulu.

Wotchuka pa agogo onsewa anali J2, amene anthu ankamutcha Granny. Adatsogolera gulu la J kwa zaka makumi angapo mpaka adasowa chakumapeto kwa 2016.

Mwati wamwamuna wamkulu amadalirabe mayi ake. Kudalira kwake kotani?

Kudyetsedwa kumene. Mayi akagwira salmon wamkulu, amamuluma pakati, n'kusiyira theka mwana wake wamwamuna, ngakhale mwanayo ndi wamkulu kuposa iye. Ana aakazi akakula, mayi amachepetsa kuwagawira. Aamuna sawasiya. Kafukufuku wa mu 2012 adapeza kuti wamwamuna wopitirira zaka 30 mayi ake akafa, chiopsezo choti nayenso afa chaka chotsatira chimakwera kangapo. Wina wa mu 2023 adapeza kuti mayi amene ali ndi mwana wamwamuna wamoyo, mwayi wake wolera mwana wina umatsika pafupifupi ndi theka, ndipo sizisintha ngakhale mwanayo akule.

Amayi ena akamva izi amaseka, amati zimenezo akuzidziwa kale. Koma kwa orca pali masamu ake. Mwana wamwamuna akakula bwino amabereka ana ambiri m'magulu ena, amene adzadyetsedwe ndi mabanja a kumeneko. Zidzukulu zobadwa kwa mwana wamkazi zimadya m'banja momwemo.

Anthu adziwa bwanji zonsezi, poti nyamazi zimakhala m'madzi?

Ndi zithunzi ndi kuleza mtima. M'zaka za m'ma 1970, wasayansi wa ku Canada dzina lake Michael Bigg adazindikira kuti orca aliyense ali ndi chipsepse chakechake, chokhala ndi zipsera ndi mong'ambika mwake, komanso banga lotuwa kumbuyo kwa chipsepsecho lomwe silifanana ndi la mnzake. Adayamba kujambula mmodzimmodzi n'kumupatsa chilembo ndi nambala. Panthawiyo anthu ankaganiza kuti m'deralo muli ma orca zikwizikwi, koma atawerenga adapeza mazana ochepa chabe. Ku Washington, Ken Balcomb adayamba kalembera wa chaka ndi chaka mu 1976, ndipo bungwe lake la Center for Whale Research likupitirizabe. Lero amadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, adabadwa chaka chakuti, agogo ake adafa liti.

Kodi amalankhulana?

Amatulutsa mawu a mitundu itatu: kulira kwa likhweru, maitanidwe okuwa amene amamveka makilomita angapo, ndi tizigogodo tofulumira. Tizigogodoto ndi maso awo a mumdima. Mawu amatuluka kudzera pa mafuta a pamphumi, akagunda chinthu amabwerera, orca n'kuwalandira kudzera m'chibwano cha m'munsi. Akatero amadziwa kukula kwa chinthucho, mtunda wake, ngakhale mtundu wa nsomba.

Maitanidwe aja ndiwo okoma kuwamvetsa. Wofufuza wina wa ku Canada, John Ford, adapeza kuti gulu lililonse lili ndi maitanidwe akeake, osapitirira 20, amene mwana amaphunzira kwa mayi ake. Magulu apachibale amagawana ena mwa maitanidwewo, a fuko lina safanana nawo n'komwe. Munthu wozolowera akaika chomvera m'madzi amatha kunena gulu limene likubwera asanalione. Kunena kuti ali ndi chilankhulo ngati chathu, cha ziganizo ndi nthano, kungakhale kupitirira umboni. Koma kuti kalankhulidwe kawo n'kophunzira, osati kobadwa nako, palibe akutsutsa. Orca wina wosungidwa ku France, dzina lake Wikie, adaphunzira kutsanzira mawu angapo a anthu.

Odya nyama amasaka ali duu, chifukwa akatumbu a m'nyanja (ma seal pa Chingerezi) ndi ma dolphin amamva bwino kwambiri. Phokoso amayamba akapha.

Amadya chiyani?

Mukawatenga onse pamodzi, amadya pafupifupi chilichonse cha m'nyanja: nsomba, shaki, akamba, mbalame, akatumbu a m'nyanja, ma dolphin, anamgumi. Koma gulu lililonse palokha limasankha koopsa. Kugombe la British Columbia kuli mitundu itatu m'madzi amodzi. Ena amadya nsomba, makamaka salmon wa mtundu wa Chinook. Ena amadya nyama zoyamwitsa zokhazokha. Achitatu amakhala kutali ndi gombe, amakonda shaki, ndipo mano awo amaperepeseka mpaka m'nkhama chifukwa khungu la shaki n'lokhakhala. Mitundu itatuyi sikwatirana, siyendera limodzi, ikakumana imalambalalana. Mu 2024 asayansi ena adapempha kuti iwiri yoyambayo izionedwa ngati nyama ziwiri zosiyana.

Kusankhaku kumafika poika moyo pachiswe. Mu 1970, ma orca odya nyama atagwidwa ku Pedder Bay pafupi ndi mzinda wa Victoria ku Canada, adakana nsomba zimene ankapatsidwa kwa masiku oposa 70, mmodzi mpaka adafa ndi njala. Nawonso a Southern Residents akuwonda chifukwa Chinook wachepa, chikhalirecho akatumbu ali mbwee pomwepo. Chimene mayi sadawaphunzitse kudya, sachiyesa chakudya.

Nanga kasakidwe kawo?

Dera lililonse lili ndi luso lake. Ku Norway amazinga nsomba za herring mpaka ziunjikane pamodzi pafupi ndi pamwamba pa madzi, kenako amazimenya ndi mchira, n'kumatola zokomokazo imodziimodzi. Ku Antarctica, katumbu akathawira pa chibenthu cha madzi oundana, ma orca atatu kapena anayi amafola mzere, kusambira mwaliwiro limodzi, n'kudutsa pansi pake kuti funde limukokolole. Akalephera amabwereza, ndipo aonedwapo akumusiya katumbuyo kuti akwerenso, ana awo akuonerera.

Loopsa ndi la ku Punta Norte, pa Península Valdés ku Argentina. Kumeneko orca amadziponya dala pamtunda, theka la thupi kunja kwa madzi, kuwakha mwana wa katumbu, n'kudzigwedeza mpaka funde limubweze. Akalakwitsa atha kufera pomwepo. Ndi ochepa amene amachita zimenezi, ndipo ana amaphunzira kwa zaka, akuluakulu akuwakankhira kumtunda ndi kuwathandiza kubwerera.

Ku New Zealand amafukula nsomba zaphanthiphanthi zokhala ndi mbola pamchira. Kufupi ndi Bremer Bay ku Australia, mu 2019 ofufuza adaona gulu la ma orca likupha namgumi wotchedwa blue whale, nyama yaikulu kuposa zonse padziko. Ndipo ku Eden, ku Australia komweko, kwa zaka zambiri ma orca ankathandiza alenje a anamgumi: ankakusira namgumi kugombe, alenje akapha n'kuwasiyira lilime ndi milomo. Mafupa a wotchuka mwa iwo, Old Tom, amene adafa mu 1930, akadali m'nyumba yosungiramo zakale ya m'tauniyo.

Achibale athu a ku Cape Town amakamba za ma orca awiri odya ziwindi za shaki. Zilipodi?

Zilipo. Ndi aamuna awiri, Port ndi Starboard, odziwika chifukwa zipsepse zawo n'zogwa, cha wina kumanzere, cha wina kumanja. Mu 2017, kugombe la Gansbaai kudayamba kupezeka mitembo ya shaki zoyera zikuluzikulu zija, zong'ambidwa pafupi ndi zipsepse za pachifuwa, chiwindi palibe, thupi lonse lili bwinobwino. Chiwindi cha shaki n'chachikulu kwambiri ndiponso chodzaza mafuta, ndiye orca amangotenga chonona n'kusiya zotsalazo. Mu 2022 anthu adajambula kuchokera m'mwamba ma orca akusaka shaki yoyera ku Mossel Bay, ndipo mu 2023 Starboard adaonedwa akupha shaki yaing'ono yekha pasanathe mphindi ziwiri.

Kuchokera cha mu 2017 shaki zoyera zidayamba kusowa ku False Bay ndi ku Gansbaai, ndipo amalonda otenga alendo kukaona shaki adadandaula. Si onse amene amaloza chala ma orca okha. Akatswiri ena amati usodzi nawo wachepetsa shaki ndi chakudya chawo.

Kodi orca amapha anthu?

M'nyanja, palibe imfa ya munthu imene idatsimikizika kuti adapha ndi orca. Mu 1972 munthu wina wosewera pamafunde ku California adalumidwa mwendo, orca n'kumusiya nthawi yomweyo. Kwa nyama imene imapha namgumi wa matani makumimakumi, zimenezi n'zodabwitsa, koma zikugwirizana ndi zimene tanena za kadyedwe: munthu sali m'gulu la zakudya zimene adaphunzitsidwa.

Kosungidwa ndi nkhani ina. Anthu anayi afa ndi ma orca a m'madziwe a simenti, atatu mwa iwo pa zochitika zokhudza wamwamuna mmodzi, Tilikum, mu 1991, 1999 ndi 2010. Tilikum adagwidwa ku Iceland mu 1983 ali ndi zaka ziwiri, ndipo adafa mu 2017 asadabwererenso kunyanja.

Nanga aja ogunda maboti, akubwezera?

Kuyambira mu 2020, kugombe la Spain ndi Portugal ndi pa Strait of Gibraltar, ma orca ena akhala akutsata maboti a matanga n'kumakankha kapena kuthyola chiwongolero cha pansi pa madzi. Zachitika kambirimbiri, maboti angapo amira, koma palibe munthu amene walumidwa kapena kufa. Nkhani yoti wamkazi wina wotchedwa White Gladis adavulazidwa ndi boti ndiye akuphunzitsa anzake kubwezera idafala kwambiri, chifukwa imakoma kuikamba. Umboni wake palibe. Akatswiri ambiri amene adakumana ku Madrid mu 2024 adati ndi masewera amene adayamba ndi achinyamata, n'kufalikira. Nsomba za tuna zimene amadya zachulukanso, ndiye nthawi yosewera ali nayo. Chiwongolero chikathyoka, nthawi zambiri amangochoka, anthu osawalabadira. Gulu lonselo ndi la ma orca pafupifupi 40 okha.

Amaseweradi, nyama zazikulu chonchi?

Kwambiri, ndipo amakhala ndi mafashoni. Mu 1987 wamkazi wina wa ku Puget Sound ku Washington adayamba kusambira atasenza salmon wakufa pamutu. Patangopita milungu yochepa, a magulu onse atatu a Southern Residents anali akusenza. Kenako zidangotha. A kumpoto, ku Robson Bight ku Canada, amakonda kudzikhula pa timiyala tosalala ta m'mphepete mwa nyanja, chinthu chimene anansi awo a kummwera sachita. A kummwerawo ali ndi mwambo wawo wolonjerana: magulu awiri akakumana patapita nthawi, amafola mizere iwiri moyang'anizana, kuima kanthawi, kenako n'kusakanikirana ndi phokoso lalikulu. Mu 2025 ofufuza adafalitsanso kuti amadula phesi la zomera za m'nyanja n'kuliika pakati pa awiri, n'kumakhulana nalo.

Amagona bwanji osamira?

Ubongo umagona mbali imodzi, ina ili maso kuti azikumbukira kupuma. Banja likamapumula limafola phewa ndi phewa, kusambira pang'onopang'ono, kuvuuka ndi kumira nthawi imodzi.

Ndidaona vidiyo ya orca atanyamula mwana wakufa. Kodi amalira maliro?

Ameneyo ndi J35, wotchedwanso Tahlequah. Mu July 2018 adabereka mwana wamkazi amene adafa pasanathe ola. Mayiyo adamunyamula pamphumi masiku 17, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600. Mtembo ukatsetsereka n'kuyamba kumira, ankamira nawo kukautenga. Mu 2020 adabereka mwana wamwamuna amene adakula. Kumapeto kwa 2024 adaberekanso wamkazi, nayenso adafa, ndipo mu January 2025 anthu adamuonanso atasenza mtembo.

Zimene zinali mumtima mwake palibe angalowemo. Asayansi ena amazengereza kunena kuti ndi chisoni. Koma nyama ya ubongo wa makilogalamu oposa 5, imene yanyamula bere chaka ndi theka, n'kumadzivutitsa chotero masabata awiri ndi theka popanda phindu lililonse, ine sindiona dzina lina loyenera.

Bwanji osangowabweza kunyanja amene ali m'madziwe?

Kubweza orca kunyanja n'kosavuta poyerekeza ndi kumubweza kwa abale ake. Nkhani ziwiri zikuonetsa zimenezi. Keiko adagwidwa ku Iceland mu 1979 ali wamng'ono. Mu 1998 adamubweza kumeneko pa ndege, ndalama zambirimbiri zidalowa, koma banja lake silinkadziwika. Sadalowerere m'gulu lililonse. Mu 2002 adasambira mpaka ku Norway, n'kumakafuna anthu, ndipo adafa ndi chibayo mu December 2003.

Chaka chomwecho cha 2002, kamwana kamasiye kadapezeka kokhakokha, kodwala, pafupi ndi Seattle. Ofufuza atamva maitanidwe ake ndi kuona zithunzi adadziwa kuti ndi A73, wa banja lakuti la kumpoto. Adamupatsa mankhwala, kumunyamula pa boti mpaka ku Johnstone Strait ku Canada, n'kumumasula abale ake akudutsa. Springer, monga amamutchulira, adalandiridwa, ndipo mu 2013 adaoneka ndi mwana wake woyamba.

Kugwira ma orca kudavulaza kwambiri a Southern Residents. Mu August 1970 ku Penn Cove ku Washington alenje adazinga oposa 80 n'kutengapo ana. Womaliza wa ogwidwawo, Tokitae, adafera ku Miami mu August 2023 atakhala m'dziwe zaka 53. Kampani ya SeaWorld idasiya kuwaberekanitsa mu 2016, ndipo Canada idaletsa kusunga atsopano mu 2019.

Ali ndi mdani?

M'nyanja alibe. Zimene zikuwapha ndi za anthu. Choyamba ndi njala: madamu pa mitsinje imene salmon amaswanirana, ndi usodzi wopitirira muyeso. Chachiwiri ndi phokoso la sitima, lomwe limasokoneza tizigogodo tawo tosakira. Chachitatu ndi mankhwala otchedwa PCB, amene kale ankathiridwa m'mathiransifoma a magetsi ndi mu penti. Adaletsedwa zaka zambiri zapitazo koma saola. Amalowa m'tinsomba, tinsomba n'kudyedwa ndi zazikulu, mpaka onse amakathera m'mafuta a orca. Mayi akamayamwitsa, poizoni wambiri amapita kwa mwana, makamaka woyamba kubadwa. Orca wina wamkazi, Lulu, amene adapezeka atafa ku Scotland mu 2016, anali ndi PCB wochuluka kuposa pafupifupi nyama iliyonse imene idayezedwapo, ndipo anali asadaberekepo.

Ku Alaska, sitima ya mafuta ya Exxon Valdez itasweka mu 1989, gulu lina lotchedwa AT1 linali ndi ma orca 22. Ambiri adafa m'zaka zochepa zotsatira, ndipo kuchokera nthawiyo m'gululo simudabadwenso mwana. Padziko lonse ma orca akuyerekezedwa kuti ndi osachepera 50,000, nambala yooneka yabwino, koma gulu laling'ono ngati limenelo likatha, maitanidwe ake ndi luso lake la kusaka zimathera pomwepo, popeza a gulu lina sadzazitola.

Nditafuna kumuona ndi maso anga, ndipite kuti?

Ku uShaka Marine World ku Durban kuli ma dolphin, osati ma orca. Anamgumi amene anthu amakaonera ku Hermanus pakati pa June ndi November ndi a mtundu wina, otchedwa southern right whale. Ma orca amatulukira ku False Bay ndi ku Algoa Bay, koma alibe tsiku; oyendetsa maboti amatha miyezi osawaona. Amene ali ku Cape Town angachite bwino kufunsa oyendetsa maboti a alendo ku Simon's Town ngati aonekapo sabata imeneyo.

Malo odalirika ali kutali ndipo ndi odula: kumpoto kwa Norway cha ku Tromsø kuyambira November mpaka January, chilumba cha Vancouver ku Canada pakati pa chaka, Bremer Bay kuyambira January mpaka April, ndi Península Valdés mu March ndi April, pamene ana a akatumbu amayamba kulowa m'madzi.